Tsiku Limene Kettie Sanachenjeze Estela

Kettie anali atagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pa ofesi ya bungwe la asodzi ku Feira. Ntchito yake inali kulemba pa kompyuta dzina la msodzi, nsomba zimene wagwira ndi pamene anaponya ukonde. Makompyuta analipo awiri, akale, olira ngati chigayo. Malaiti akapita, zonse zosaseva, zimene sizinasungidwe mu kompyuta, zinkapita nawo.

Kenako kunabwera Estela, mtsikana wa ku Kavalamanja. Mwezi usanathe, a Langford, mkulu wa ofesi, anayamba kumangoti, "Funsani Estela." Mawuwa ankamulasa Kettie.

Lachinayi lina masana, mitambo inada cha ku Zumbo. Kettie ankadziwa kuti kukachita chonchi malaiti sakhalitsa. Anayang'ana Estela, amene kuyambira m'mawa ankalowetsa za mabwato a sabata yonse. Sanamuone akuseva ngakhale kamodzi. Anati amuuze, koma anatseka pakamwa. Aone yekha, anatero mumtima.

Malaiti anapitadi.

"Mayo ine!" anatero Kettie, nkhope yachisoni, mtima ukuvina. "Zonse zija zapita, mwanawe?"

"Iyayi, Ba Kettie. Ndinaikonza kuti izidziseva yokha pa mphindi ziwiri zilizonse. Nanga zanu?"

Apo m'pamene Kettie anakumbukira. Potanganidwa ndi kusuzumira mnzake, iye mwini sanaseve kanthu chiyambire teni koloko.

Malaiti atabwera, a Langford anaima kumbuyo kwa Estela. Mzere umodzi wokha ndiwo unasowa. Anaomba m'manja, n'kunena kuti Estela ndiye adzapite ku maphunziro a makompyuta ku Lusaka. Pa kompyuta ya Kettie anangoyang'ana, n'kudutsa.

"Ndikukonzereni yanu?" anafunsa Estela. "Sizichedwa."

"Ndinayamba kugwira makinawa iwe uli ku pulayimale," anayankha Kettie.

Anatenga mapepala onunkha nsomba, n'kuyambiranso. Estela atatuluka kukalandira bwato, Kettie anafufuza paliponse pa kompyuta yake kuti apeze pokonzerapo. Sanapapeze.

M'mawa mwake, ali mkati molemba, anaona kachizindikiro kakuphethira pansi pa tsamba. Patapita mphindi ziwiri, kanaphethiranso. Anacheuka. Estela anali ataweramira mapepala ake, ngati sakudziwa kanthu.

Kettie anazindikira kuti Estela wamukonzera kompyuta ija mobisa kuti izidziseva yokha. Tsiku lonse analephera kumuuza kuti zikomo, ndipo poweruka anadzera njira ya kumsika kuti asayendere limodzi.