Chitseko cha Mbali ya Amayi

Ndinafika kutada, m'tauni yomwe sindinapondemo. Misewu yopanda zikwangwani. Nyumba zofanana ngati anaziumba munthu mmodzi. Ndinafunsa mlonda wa pamalo omwetsera mafuta, kenako mayi wina amene ankatseka shopu. Aliyense analoza kwake. Geti lobiriwira ndinalipeza ndithu, kuseri kwa thanki ya madzi.

Ndinabwera kudzatenga mkazi wanga. Anachoka mwezi watha, kubwera kuno kwa akulu ake. Sitinamenyane. Sitinatukwanane. Nkhani yake inali chitseko.

Galimoto yanga ndi yakale, koma imayenda. Vuto ndi chitseko cha mbali ya mkazi wanga: sichitseguka ukakhala panja. Chiyambire banja lathu, ine ndimalowa kaye, kukhala bwino, kenako n'kuwerama kumutsegulira cham'kati. Iye amaima panja kudikira. Dzuwa, fumbi, maso a anthu.

Tsiku limene anachoka kunali mvula. Ndinakamutenga kuntchito kwake. Nditangolowa m'galimoto, foni inalira. Ndinayankha. Nkhani inakoma. Pomwe ndinkamukumbukira n'kuti diresi itamatirira pathupi, anzake akusuzumira pawindo la ofesi. Sanalowe. Anakwera minibasi.

Pafoni anangonena mawu awa: "Konzani chitseko, mudzanditenge."

Ine zokonzakonza zimanditopetsa. Ndimakonda zatsopano. Ndinagula rimoti yotsegulira galimoto, ya m'kabokosi konyezimira, n'kupita nayo kwa wa mawaya. Iye anachotsa zikuto zam'kati mwa zitseko zonse zinayi. M'chitseko chilichonse anamangamo kamota n'kukalumikiza ku loko. Kabokosi kakuda anakabisa kunsi kwa chiwongolero. Waya wina ku batire, wina ku maindiketa, otsalawo kukulunga ndi tepi.

"Dinani, bwana."

Ndinadina. Tswii tswii. Maloko onse anadumpha pamodzi ngati ana asukulu akaona aphunzitsi. Amakaniko anasiya masipanala kudzaonerera. Tinaiyesa ndili patali. Tinaiyesa ndili kuseri kwa khoma. Tinaiyesa ili m'thumba la buluku. Wa mawaya anati ukaigunditsa pachibwano imafika kutali kwambiri. Tinayesa. Inafikadi. Ndinachoka pagalajipo ndikudzimva kuti ndine mwamuna wosamala banja.

Ndiye pageti lobiriwira paja, ndisanagogode, ndinadina kawiri kuti am'nyumba amve.

Anatsegula ndi alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, tochi ili m'manja.

"Ndi inu, alamu? Ndimayesa mwanapiye wasochera. Mwagula ina?"

"Ndi yomweyi, alamu. Yangopita kusukulu."

"Bola iyo."

Mkazi wanga ndinamupeza pabalaza akusita. Anandipatsa moni ngati mlendo wa tchalitchi.

"Mwayenda bwanji, abambo?"

"Bwino. Kunyumba kwazizira."

"Chitseko mwakonza?"

"Kuposa kukonza. Tiyeni mukaone."

"Zoona ndi tochi ayi. Kukacha."

Ndinagona pasofa, mapazi ali panja, njinga ya ana a alamu ili kumutu. Rimoti ndinaiika pansi pa pilo.

M'mamawa ndinapeza chikwama chake chili kale pakhonde. Mtima unakhala pansi. Anachinyamula yekha, n'kukaima pa chitseko chake chija. Ine ndinatsalira dala pakhonde, dzanja limodzi m'thumba. Ndinadina.

Tswii tswii. Maloko anadumpha.

Anakoka chogwirira. Chinakwera, chinabwerera. Chitseko chili chete. Anakokanso. Chete.

Ndinadinanso. Ndinayandikira. Ndinagunditsa pachibwano.

Alamu anakhala pansi pasitepe, kapu ya tiyi ili m'manja, akufa ndi kuseka.

"Alamu, kodi mukumeta nayo ndevu?"

Mkazi wanga sanaseke. "Kugalajiko munayesa kutsegula?"

"Inalira bwinobwino."

"Sindinafunse zolira."

Apa m'pamene zinandilowa. Loko wa chitseko chimenechi sanavutepo n'kale lonse. Choduka chinali chogwirira chakunja, m'kati mwake. Pa anthu onse amene tinasonkhana pagalaji paja, panalibe amene anakoka chogwiriracho. Tonse tinayesa ndi makutu. Ine ndikanachikoka liti? Mbali imeneyo sindinaimepo.

Anaika chikwama pansi. Anayang'ana khomo la nyumba ya akulu ake. Analiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkaona msewu wonse wobwerera ndekha, ine ndi tswii tswii wanga.

Kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsani makiyi."

Laisensi ali nayo. Ine ndinkaiseka kuti ndi yokongoletsera kachikwama. Anazungulira, anatsegula chitseko changa, anaponya chikwama kumbuyo, anakhala. Ine ndinapita mbali inayo. Ndinaima.

Anakankhira mpando kutsogolo. Anakonza galasi lapakati. Anakonza lakumbali. Anadziyang'ana m'mano. Kenako anatulutsa foni n'kuimba. Inalira m'thumba la alamu, pasitepe pomwepo.

"Halo, amayi aang'ono," anayankha alamu, akundiyang'ana ine.

Anakambirana za makatani. Mtundu wake, kutalika kwake, telala amene amasoka bwino ndi amene amangolonjeza. Kunja kunali kachisanu kolowa m'mafupa. Anthu opita kuntchito ankachepetsa liwiro pageti. Bambo wina wa njinga anandipatsa moni wachisoni. Ndinagogoda pagalasi ndi chala chimodzi. Mkazi wanga anakweza dzanja: dikirani, ndili pafoni.

Ndinadikira. Kuima n'kotopetsa. Sindinkadziwa.

Atamaliza anaika foni m'chikwama, mosathamanga. Anawerama, anatsegula cham'kati.

"Lowani, abambo. Kuyambira lero chitseko chanu ndi chimenecho. Mukatopa nacho mukonza."

Ndinalowa. Mpando wake ndi wolimba, kasipulingi kamabaya ntchafu. Zimenezinso sindinkazidziwa.

Alamu anatsegula geti, akuweramira galimoto ngati ya bwana wamkulu. Tinatuluka dzuwa lisanakwere. Giya yachiwiri anailowetsa bwino kuposa ine. Rimoti inkalendewera kumakiyi, ikugunda bondo lake. Anaigwira, anaitembenuza.

"Koma ndi yabwino," anatero. "Ikulira bwino."