Geti la ku Damu la Gustav

Ndinamupeza Hazel ataima pakati pa geti lotsegula, nsapato imodzi ili m'manja, maso ali ku damu.

Sindinakuwe. Mwana wa zaka ziwiri ukamukuwira amathamanga, ndipo kutsogolo kwake kunali madzi. Ndinayenda pang'onopang'ono ngati ndilibe naye ntchito, mpaka ndinamugwira diresi kumbuyo.

"Bakha," anatero akuloza.

"Eya, abakha. Tiye kunyumba."

Ndinali nditangotembenuka kuti ndiyanike matawulo awiri. M'kanthawi komweko mwana wanga anali atakwawa pansi pa mpanda wa maluwa, n'kudutsa pakati pa nkhosa mazana atatu m'busa la pakhomo, n'kuzungulira shedi yometera nkhosa. Kuchoka pagetipo kukafika pamadzi ndi mapazi anga makumi asanu ndi limodzi. Ndinawawerenga kalekale, ndidakali ndi pakati.

Ndinamunyamula, n'kukoka geti ndi dzanja limodzi. Linakana kaye, kenako linalira n'kubwera. Ndinakoloweka tcheni, ndikudziwa bwino lomwe chimene ndikuchita.

Pa famu ya a Zanker, kuno kuchigawo cha Wimmera, mwana amamva lamulo limodzi asanadziwe ngakhale Pemphero la Ambuye: geti ulisiye monga walipezera. Ukapeza lotseka, tseka. Ukapeza lotsegula usalikhudze, chifukwa wina walisiya dala, mwina kuti nkhosa zizikamwa madzi. Apongozi anga, a Neville, anandiuza lamuloli tsiku loyamba limene mwamuna wanga Brenton anandibweretsa, asanafunse n'komwe dzina la bambo anga. Linachokera kwa agogo awo, a Gustav, amene anafika pamalo pano ndi ngolo ya mahatchi kuchokera cha ku Adelaide, n'kuzula zitsa zaka khumi, n'kukumba damu lija ndi mahatchi omwewo. A Gustav analisiyira a Ern, a Ern analisiyira a Neville. Nkhosa nazonso zinatsika mzere womwewo. Palibe yaikazi ngakhale imodzi yogulidwa kumsika; zonse ndi zidzukulu za zimene a Gustav anabwera nazo.

Ine ndine mwana wa munthu wometa nkhosa za eni, wokulira m'nyumba ya lendi m'tauni. Hazel atayamba kukwawa ndinapempha kuti timange mpanda weniweni kuzungulira damu, kapena tikoke paipi kuti nkhosa zizimwera mbali ya kuno, geti likhale lotseka.

"Mibadwo itatu yakulira pakhomo pano, damu lili pomwepo," anatero a Neville, osachotsa maso pa nyuzipepala.

Brenton anaseka. "Usawaone choncho bambowa, ndi alonda. Akagona amasiya diso limodzi panja."

Nanenso ndinaseka, chifukwa ndinali mtengwa, ndipo nyumba yake sinali ya kwathu.

Lachisanu limenelo, m'mwezi wa Disembala, ndinadziuza kuti Hazel akangogona masana ndikatsegula. Koma cha m'ma leveni koloko amayi anaimba foni. Bambo anga anali atagwa pa makwerero, msana wawo uja wotha kale ndi kumeta, ndipo anali kuchipatala. Ndinaponya zovala m'chikwama, kumumanga Hazel pampando wake, n'kunyamuka. Brenton ndi a Neville anali kumunda wathu wina wa kumpoto, akukolola tirigu mothamangitsana ndi mvula, akugona komweko. Pakhomo panalibe munthu.

Loweruka dzuwa linaswa mtengo. Pa wailesi anati madigiri makumi anayi ndi atatu. Lamulungu m'mawa ndinali m'khitchini mwa amayi, ndikumutungira Hazel madzi pampopi. Ndinamuona akumwa mogwira kapu ndi manja onse awiri, ndipo ndinakumbukira geti lija. Ndinatumizira Brenton uthenga, n'kunyamuka.

Akhwangwala ndinawaona ndisanakhote kulowa pakhomo.

Uthenga wanga unawapeza amunawo mochedwa, koma anandiyambirira kufika. Geti linali lotsegula, nkhosa zamoyo zitazungulira damu, mitu pansi. Zinazo zinali pomwe zinadikirira. Zinaunjikana pawaya, zakutsogolo zitapondedwa ndi zam'mbuyo, mphuno zitalowa m'mipata, zikuyang'ana madzi amene zinkawanunkhiza masiku awiri. Zinalipo makumi atatu ndi zinayi.

Brenton anabwera ku galimoto ndisanazimitse injini. Nkhope yake inali yotuwa ndi fumbi la tirigu.

"Tegan, ndiuze kuti si iwe."

"Ndine."

"Wakhala pano zaka zinayi. Lamulo limodzi lokha. Limodzi."

"Ndinamupeza Hazel pomwepo pagetipo."

"Ndiye ukanamunyamula n'kubwerera naye kunyumba. Mwana amanyamulika, nkhosa mazana atatu sungazinyamule."

"Ndinatembenuka kuyanika matawulo awiri, Brenton. Awiri." Mawuwa ndinali nditawakonza njira yonse. "Nkhosazi ndapha ndine, sindikukana. Koma ngati geti ilo lizikhalabe lotsegula, ine ndi Hazel tikubwerera kwa amayi lero. Sindikuopseza. Sindingathenso."

Anandiyang'ana ngati munthu amene sakumudziwa. Kumbuyo Hazel anayamba kulira.

A Neville anali ataima patali pang'ono, chipewa chili m'manja. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri, mawondo awo onse awiri otha. Anabwera pang'onopang'ono, n'kusuzumira pazenera.

"Brenton, tenga mwana ukamupatse chakudya. Iwe tsika. Ndiwe mwana wa wometa nkhosa, ubweya suuopa."

Masiku ano anthu ambiri nkhosa ikafa amangoikokera kudzenje. A Zanker sataya ubweya. Nkhosa ikagona padzuwa tsiku limodzi kapena awiri, ubweya umazuka ndi manja okha, ndipo a Gustav anaphunzitsa ana awo kuuzula n'kuuika m'matumba. Tinagwada, wina uku wina uku. Ntchentche zinkalowa m'makutu. Fungo lake silinanditherebe m'mphuno mpaka lero.

Tinamaliza zisanu.

"Ukuzula ngati ukupepesa," anatero a Neville. "Bambo ako atakuona akhoza kukukana. Gwira chapansi, ukoke kamodzi."

"Pepani, bambo."

"Ukupepesa ine kapena nkhosayo?"

Anatembenuza khutu la nkhosa ina, kuyang'ana chizindikiro chake, n'kulisiya.

"Iyi mayi wake anabereka amapasa zaka zinayi zotsatizana." Anapukuta manja pa buluku. "Mwana wako uja ali ndi zaka zingati tsopano?"

"Ziwiri ndi miyezi inayi."

"Lorna anali ndi zitatu."

Dzinalo ndinkalidziwa. Lili pa kamwala kakang'ono kuseri kwa tchalitchi cha Lutheran, pafupi ndi manda a a Ern. Anali mlongo wawo wa a Neville.

"Brenton anandiuza kuti chinali chifuwa," ndinatero.

"Brenton anauzidwa choncho."

Anapitiriza kuzula, maso ali pa ubweya.

"Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi anandituma kukapereka tiyi kwa bambo, kuseri kwa damu uko. Lorna ankanditsatira kulikonse, mpaka kuchimbudzi. Ndinamuthamangitsa, ndinati bwerera iwe, n'kumuponyera kachibuma. Anaima pa bulugamu uyo, chala chili m'kamwa. Ndinafika pano, geti lili lotsegula." Anakweza dzanja lamanja, lodzaza ubweya. "Ndinaligwira ndithu. Dzanja ili. Ndinayang'ana mwana, ndinayang'ana geti. Kenako ndinakumbukira lamba wa bambo, ndipo ndinalisiya monga ndinalipezera."

Khwangwala wina anatera pa nsanamira. Palibe anamuthamangitsa.

"Pobwerera ndinaganiza kuti wapita kunyumba. Amayi ankaganiza kuti ali ndi ine."

"Bambo..."

"Dikira ndimalize, sindinazinenepo. Titaika maliro bambo anandiitanira kuseri kwa tchalitchi. Ndinati lero ndiye lamba uja. Ndinkamufuna lambayo, ukudziwa? Koma anangondigwira paphewa. Anati, 'Sunalakwe. Geti unalisiya monga unalipezera.' Basi. Dzina lake sanalitchulenso mpaka anamwalira. Amayi anatenga penti yoyera n'kupaka zenera la kukhitchini, lija loyang'ana kuno."

Zaka zinayi ndinatsukira mbale pansi pa zenera limenelo, ndikuganiza kuti analipaka chifukwa cha dzuwa.

Ndikanatha kukhala chete. Kwathu anandilera kuti munthu wamkulu akatsegula mtima usamuonjezere mafunso. Koma m'nyumba muja munali mwana wanga.

"Ndiye munandikaniranji mpanda, bambo? Inu, mwa anthu onse?"

Anazula ubweya wina n'kuuponya m'thumba.

"Ndikanavomera mpanda wakowo, ndiye kuti bambo anandinamiza kuseri kwa tchalitchi kuja," anatero. "Ndipo ine ndinalibe mawu ena oti ndigwire."

Anatsegula thumba lina n'kundiponyera.

"Zatsala makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Usaime."

Tinamaliza dzuwa litapendeka. Tinakweza mitembo m'ngolo ya kumbuyo kwa galimoto, maulendo atatu, kudutsa pageti, kulambalala damu, kukataya kudzenje la kuchigwa. Paulendo womaliza sindinkamvanso zala zanga. Za kubwerera kwa amayi palibe anazitchula, ndipo chikwama changa chinali chidakali m'galimoto yanga, chosamasula. Ndinakhala ndikuganiza zoti ndidzamuuza chiyani Hazel akadzafunsa za abambo ake.

Tinadutsa pageti kulowera kunyumba. A Neville anaimitsa galimoto.

Kuno wokhala mbali ya wokwera ndiye amatsika kukaona za mageti, ngakhale akhale mbusa wa mpingo. Dzanja langa linapita lokha pachitseko, kenako linaima. Geti tinalipeza lotsegula.

"Khala," anatero.

Anatsika mwendo umodzi umodzi, akugwirira chitseko. Ndinawaonera pagalasi. Anayenda mpaka kumapeto kwa geti, n'kuima pamenepo, dzanja lili pachitsulo, akuyang'ana cha ku bulugamu uja. Nkhosa zonse zinali mbali ya damu. Anakoka. Tcheni linawavuta, linagwa kawiri, kachitatu linalowa. Analigwedeza geti ndi manja onse awiri.

"Nkhosa zizidya mbali iyo mpaka tikoke paipi," anatero mokweza, osatembenuka. "Brenton akumba ngalande yake. Wakhuta tirigu, achepetseko mimba."

Ndinayembekeza kuti abwerera. M'malo mwake anagwada, bondo limodzi kenako linalo, n'kugona chammbali pafumbi. Ndinatsika ndikuthamanga, ndikuganiza kuti ndi mtima.

Sunali mtima. Pamene nkhosa zinkapalasa masiku awiri aja zinakumba kadzenje pansi pa geti, ndipo a Neville anali atalowetsamo mkono mpaka paphewa.

"Bwera kuno, Tegan. Mutu wa Hazel umaudziwa ndiwe. Angakwane apa?"

Ndinagona pambali pawo, tsaya pansi, n'kuyang'ana pampatapo. Kutsidya kunkaoneka miyendo ya nkhosa, ndi madzi akunyezimira.

"Angakwane," ndinatero.

Fosholo inali m'galimoto, mapazi khumi okha kuchoka pomwe tinali. Sananditume kukaitenga. Anadzuka n'kugwada, n'kuyamba kukokera dothi m'kadzenjemo ndi manja, akulitsindira ndi zibakera, timaubweya tikumatirirabe ku zala zawo.