Nowa wa ku Carlton

A Zalman Wajsbrot anabereka mwana woyamba imvi zili mbuu, ndipo Ayuda tonse a ku Carlton, dera limene tinasamukira nkhondo itatha, tinadzazana m'nyumba mwawo tsiku la mdulidwe. Ine ndinali wogawa buledi ndi nsomba zamchere. Mkuluyu ndinkamudziwa bwino: wamatama, woti akapeza vesi lomukomera amaliguguda ngati fupa.

Wogwirizira khanda pamiyendo anali mng'ono wawo, Leibish. Iyeyu anakwatira msanga kwathu ku Poland, nabereka ana anayi, ndipo pankhondo anaphedwa onse pamodzi ndi mayi awo. Pabanja lonse anatsala iye ndi a Zalman basi. Leibish ankagona m'kachipinda kakuseri, ndipo chitengereni pakati mlamu wake, iyeyu anali atayambanso kuseka. Ndinkaopa kuti wina amulanda kachimwemwe kameneko, koma sindinaganize kuti akhala mbale wake.

Vinyo atalowa m'mitu, amuna anayamba kuwaseka a Zalman kuti mwana azidzawatcha agogo. A Zalman anaimirira. Anati aphunzitsi akale anafunsa chifukwa chake Nowa anafika zaka mazana asanu wopanda mwana, pomwe anzake ankabereka ali ndi zaka zana. Yankho lake, anati, n'lakuti Mulungu anamutseka dala pomuchitira chifundo, kuti munthu wolungama asaone ana ake akumira m'chigumula.

"Inenso chimodzimodzi," anatero akudzimenya pachifuwa. "Wangayu anandisungira mpaka madzi ataphwa."

Ambiri a ife tinasiya ana m'madzi amenewo a nkhondo ija.

Leibish anali adakali ndi khanda m'manja. Anafunsa motsitsa mawu: "Nanga ine, achimwene? Anga aja anandipatsiranji msanga?"

Apa wina aliyense akanagwira pakamwa. A Zalman anangotambasula manja, nati malemba sanalembe iwo, aliyense adzifunse yekha. Ndinafuna kuwathira madzi a nsomba kumaso, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anawadzudzula.

Leibish anapsompsona khanda pamphumi, nalipereka kwa mayi ake, n'kutuluka osatenga ndi jekete lomwe. Anakapeza kachipinda ku Fitzroy, dera loyandikana ndi Carlton, kumene anamwalirira yekhayekha chaka chisanathe.

A Zalman anakalamba mpaka kugwa mano onse. Aliyense wobwera kudzawaona ankamuuza kuti moyo wautali ndi mphoto ya olungama.