Kiyi wa Chimbudzi

Ine ndimadana ndi pansi ponyowa. Ndanena zimenezi poyambirira kuti mukamandiweruza muzidziwa pamene nkhani inayambira.

Ndimagwira ntchito pa shopu ya mipando ya a Chilekwa ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu momwe amayalamo masofa ndi zitseko. Ntchito yanga ndi kukolopa mu ofesi, kuwola utuchi, kuwiritsa tiyi ndi kutsuka chimbudzi. Chimbudzicho ndi chimodzi, chogejemula, ndipo timalowamo anthu khumi ndi mmodzi. Anandipezera ntchitoyi ndi mkamwini wanga Mathews, mwamuna wa mwana wanga Karen, yemwe ndi kalipentala wamkulu pamenepo. Pakhomo pake pali ana atatu, ndipo inenso ndimagona m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yake.

Kwathu ku Katete mkamwini sadyera mbale imodzi ndi apongozi ake, ndipo akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. Za chimbudzi ndiye sitinena n'komwe. Koma kuno ku Lusaka malo ndi ochepa, ulemu timachita kuupinda kuti ukwane. Mathews akafuna kudzithandiza ankadikira kuti ndilowe mu ofesi ndi mopu. Ine ndikafuna ndinkadikira makina ocheka matabwa ayambe kulira, iye ataweramira ntchito. Tinakhala choncho zaka ziwiri, ndipo palibe anaonapo mnzake pakhomo lija.

Kenako kunabwera Amidu, wosoka nsalu za masofa. Anali Myao wa ku Chipata, Msilamu, wamtali, wosakonda zolankhula. Ankachokera ku Chaisa tsiku lililonse pa minibasi ziwiri, ndipo tinamva kuti mkazi wake anali woyembekezera. Luso anali nalo, pamenepo sindinganame. Koma munthuyu ankalowa m'chimbudzi ndi botolo lakale la mafuta ophikira lodzaza madzi, ndipo akatuluka pansi ponse pamakhala chithaphwi.

Enafe timagwiritsa ntchito nyuzipepala zakale zimene ndimabaya pamsomali. N'zoona kuti Sydney, amene amapaka vanishi, anatsekapo chimbudzi kawiri ndi mapepala a matumba a simenti, mpaka ndinachita kupisamo waya. Koma limenelo ndi vuto lathu lozolowera. Madzi apansi aja anali achilendo, ndipo tsiku lina anandigwetsa. Ndinaterereka ndi ndowa m'manja n'kumenyetsa chiuno pasimenti, moti mpaka lero kukazizira chimandikumbutsa.

Ndinatuluka ndikutsimphina n'kukaima pamakina ake.

"Imwe ba Amidu, muchita kusamba mu toileti? Mwaiona monga ni bafa?"

"Pepani, amai," iye anayankha osakweza mawu. "Ni manzi chabe. Ise tinakula so. Pepa siichosa doti."

Mawu omalizawo akanawameza zikanamukhalira bwino. Sydney anaponya bulashi pansi.

"So ise tonse muno tiyenda na doti? Imwe mugwila na kwanja, elo mubwela kugwila makapu yathu ya tiyi. Ndani wa doti apa?"

Anthu anaseka, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina lake linakhala Ba Botolo. Kapu yake ndinaimanga kachingwe kofiira n'kumaiika payokha pawindo. Akapereka moni wa dzanja, anyamata ankapisa manja m'matumba. Botolo lake ndinalibisa m'mulu wa utuchi, iye anabwera ndi lina. Limenelo ndinaliboola ndi msomali, anabweranso ndi lachitatu n'kumalisunga pansi pa makina ake. Anayamba kumakolopa yekha akatuluka, koma zimenezo zinangondiwonjezera mkwiyo, chifukwa ankakolopera mopu wanga.

Ndinapita kwa a Chilekwa, eni shopu, ndi maganizo amene ndinkawaona ngati anzeru kwambiri.

"Ba bosi, gulani loko. Kiyi izinkala na ine. Aliyense ofuna toileti azipempa, akachoka ine niziloba kuona vamene asiya."

A Chilekwa, amene anali atatopa ndi madandaulo, anagula loko tsiku lomwelo. Kiyi ndinamumangirira pachingwe n'kumuvala m'khosi. Ndinkayenda naye monyadira ngati mkanda wa ukwati. Amuna akuluakulu ankabwera kudzaima patsogolo panga akupondaponda, ine n'kumavula chingwecho mosafulumira. Amidu ndiye ndinkamudikiritsa dala, ndipo akatuluka ndinkalowa ndi maso anga onse, ndikapeza dontho limodzi ndinkamuitana pamaso pa anthu. Zinkandikoma, ndisabise.

Milungu itatu inatha. Pa milungu yonseyo Mathews sanabwere kudzapempha kiyi ngakhale kamodzi, ndipo ine mutu wanga unali pa Amidu moti sindinadzifunse chifukwa chake.

Mvula yoyamba yamphamvu inagwa pakati pa Disembala. Kuseri kwa shopu kuli kampata pakati pa mulu wa matabwa ndi mpanda wa mabuloko, ndipo madzi a pamenepo amatulukira pabowo n'kulowa m'bwalo la mayi wina wokazinga zitumbuwa. M'mawa mwake mayiyo anafika pageti atamanga chitenje m'chiuno. Madzi anali atafukula n'kukokolola zonyansa za munthu, zambiri ndithu, n'kuzisiya pafupi ndi mbaula yake. Anatitukwana tonse kuyambira bosi mpaka ine, natchula kolera, nalumbira kuti zikachitikanso akaitana a khonsolo adzatseke shopu.

A Chilekwa anatisonkhanitsa nkhope itachita mdima.

"Muli na toileti, na loko nagula. Manje wina ayenda kumbuyo monga mbuzi. Nikamupeza, nchito yasila. Mailo na fo koloko nifuna zina ya munthu uyo."

"Zina tiiziba kale," anatero Sydney. "Ba Botolo nimabaona lyonse pa lanchi, bayenda kumbuyo na botolo yao na fosholo."

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinaganiza kuti wakwiya ndi kiyi wanga n'kuyamba kupita kuseri, ndipo ndinafuna kumugwira ndi maso angawa kuti pa msonkhano ndikalankhule ngati mboni. Tsiku lotsatira, cha m'ma leveni, ndinanamizira kukataya utuchi n'kukabisala kuseri kwa zitseko zakale zimene zinatsamira pampanda. Udzudzu unandidya miyendo, koma ndinapirira.

Patapita nthawi ndinamva mapazi. Ndinasuzumira pampata wa zitseko. Ndinaona ovolosi ya buluu, pensulo kukhutu, ndi nsapato zofiirira zimene Karen anagula pasalaula, kaunjika wa kuno, mwezi wathawo. Anali Mathews. Anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba, n'kuyamba kumasula mabatani.

Ndinatseka maso n'kukwirira nkhope m'chitenje. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Apa m'pamene nzeru zinandibwerera, mochedwa. Mwana wa ku Katete, woleredwa bwino, akanaima bwanji pamaso pa apongozi ake n'kunena kuti ndipatseni kiyi wa kuchimbudzi? Ndipo akatuluka, ine n'kulowa kukayendera zimene wasiya? Chimbudzi cholipira cha kumsika chili kutali, ndipo m'mimba simudikira munthu. Ndinali nditamutsekera ndekha ndi loko wanga.

Mathews anamaliza n'kuchoka. Ndikadali pomwepo anafika Amidu ndi fosholo ndi botolo lake. Sanadabwe ndi zimene anapeza. Anakumba kadzenje, nakwirira, nathira utuchi pamwamba n'kupondaponda. Kenako anapita chapatali, kumapeto kwa matabwa, nasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, n'kuyala katoni yake yopempherera. Potembenuka anaona mapazi anga pansi pa zitseko.

"Mwaona, amai?" anafunsa motsitsa mawu.

"Sininaone chilichonse."

"Ine nipempelela kuno, nifuna malo yoyela, ndiye chifukwa nimafosela. Ni masabata yatatu manje. Munthu uja si woipa, ni nsoni chabe, manyazi. Imwe ndimwe bakulu, muzaziba mokambila na ba bosi."

Ndinadana ndi Amidu kwambiri nthawi imeneyo kuposa tsiku limene ndinagwa, chifukwa anali ataona maliseche a banja langa ndipo anali kundichitira chifundo.

Fo koloko inakwana. Tinaima m'bwalo pakati pa masofa osamaliza. Mathews anaima kumbuyo kwa onse akuyang'ana pansi, akutembenuza pensulo m'manja. A Chilekwa anamufunsa Amidu mosazungulira.

"Sindine, ba bosi," iye anatero. "Fosholo nimanyamula, koma nimafosela va munthu wina."

"Va ndani?"

Anyamata anayamba kung'ung'udza, Sydney n'kuseka mokweza.

"Kuchosa munthu nsoni pa gulu, kwathu sitichita," anatero Amidu pomaliza. "Koma Bamake Karen benzeko lelo kumbuyo. Bafunseni. Ni bakulu, sibanganame."

Maso onse anatembenukira kwa ine, atamva kuti ndinali kuseri kuja. Ndinaganiza za adzukulu anga atatu, za Karen, za kachipinda kanga ka kuseri. Ndinaganizanso za mawu amene ndikanayenera kutulutsa pakamwa panga, ine mpongozi, onena zimene mkamwini wanga ankachita atavula. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Za mkazi woyembekezera wa ku Chaisa ndinaziganiziranso, musaone ngati sindinaziganizire, koma iyeyo sindinkamudziwa nkhope.

"Nenzeko," ndinatero. "Naona ba Amidu chabe, na botolo yao."

Bodza langa linali laling'ono, mawu ochepa chabe, koma linakwanira. A Chilekwa anamuuza kuti atenge katundu wake. Sydney anaomba m'manja kamodzi, koma ataona kuti palibe womutsatira anasiya. Mathews sanadzutse mutu.

Amidu anapinda tepi yake yoyezera, naika sizasi ndi singano m'kachikwama. Anapita pawindo n'kumasula kachingwe kofiira pakapu ija, kapuyo naitsuka n'kuiika pamodzi ndi anzake. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndinali nditakonzeka kumubwezera, chifukwa kutukwanizana ndimakutha. Koma podutsa pamene ndinaima anangoima pang'ono.

"Fosholo naisiya kumbuyo kwa matabwa, amai," anatero. "Muzaifuna."

Anatuluka pageti botolo lake lili m'khwapa.

Loweruka ndi Lamlungu kunyumba kunali zii. Mathews ankandipatsa moni ali patali monga mwa masiku onse, ine n'kumayankha nditayang'ana kumbali monga mwa masiku onse. Karen anafunsa ngati kuntchito kwagwa maliro, tonse tinati ayi.

Lolemba ndinalawirira. Ndinavula chingwe m'khosi n'kupachika kiyi pamsomali wa pafupi ndi tebulo la Mathews, pamalo poti akangotukula mutu amuone. Ndinauza anyamata kuti khosi likundiwawa, aliyense azidzitengera. Anadzitengeradi tsiku lonse, Sydney mpaka katatu. Ine ndinakhalitsa dala mu ofesi, ndikukolopa malo amodzimodzi, kuti mkamwini wanga apeze mpata. Koma iye anadziwa chifukwa chimene kiyi anachokera m'khosi mwanga n'kukapezeka pamphuno pake. Kugwira kiyiyo kukanakhala kuvomera kuti ndinamuona, ndipo sanamugwire.

M'chimbudzi pansi panali pouma bwino, monga ndinkafunira. Chakumasana ndinapita kuseri ndi ndowa ya utuchi, ndipo ndinapeza zimene ndinkaopa, pamalo omwe aja. Kumwamba mitambo inali itayamba kuda, kutsidya kwa mpanda mayi wa zitumbuwa akukoleza mbaula yake. Zikanakokolokanso, aliyense akanadziwa kuti munthu amene tinamuchotsa sanalakwe, ndiponso kuti mboni inanama.

Fosholo inali pomwe Amidu ananena, itatsukidwa bwino. Ndinaitenga n'kuyamba kukumba mozama. Ino ndi sabata yachisanu ndi chimodzi ndikukwirira za mkamwini wanga masana aliwonse, ndipo mvula ikadalipo mpaka Malichi.