Nkhope Yobiriwira ya Azakhali

Pali chinthu chimene Duu sanauzepo munthu: m'maso mwake chofiira ndi chobiriwira ndi mapasa. Pakhomo ankamutcha Duu chifukwa mawu ake anali osowa. Akamutuma matimati n'kubwera ndi osapsa, ankangoti mwanayu ndi wogona, iye n'kuvomera. Bola kutchedwa wogona kusiyana n'kuti anthu azimuloza zinthu tsiku lonse, amvekere, "Nanga ichi n'chamtundu wanji?"

Atamaliza sukulu anayamba kuphunzira kujambula kwa bambo wina wolemba zikwangwani kuseri kwa msika. Bamboyo ankalola penti wa mitundu inayi basi: woyera, wakuda, wachikasu ndi wofiira.

"Nkhope ya munthu aliyense ili m'zitini zinayizi," anatero. "Wobiriwira ngwa ojambula kabichi."

Mtima wa Duu unakhala m'malo.

Munthu woyamba amene Duu anamujambula anali azakhali ake, atelala. Anakhala pambali pa makina osokera, atakweza mutu ngati akuwimbira nyimbo.

"Chibwano chachiwirichi uchisiye, wamva? Si changa, n'chobwereka."

"Eya, azakhali."

Duu anasakaniza wachikasu ndi wakuda kuti apeze khungu. Chitini cha wofiira anachiopa, anangochinunkhiza bulashi. Mphunzitsi anali asanamuuze kuti wachikasu ndi wakuda akakumana okhaokha amabereka wobiriwira. Kwa Duu, pathabwa limene ankajambulapo panali azakhali enieni.

Atawatembenuzira chithunzicho, azakhali anavula magalasi, n'kuvalanso.

"Mphunoyi ndi yanga. Masowa ndi anga. Koma iwe, ndinamwalira liti ine?"

Kasitomala amene ankayesa diresi kuseri kwa katani anasuzumira, n'kufa nalo phwete. "Amayi, mwaphukatu! Tikuthirireni madzi?"

Azakhali sanaseke. "Mwana wa mchimwene wanga, ndinakulakwira chiyani? Mayunifolomu onse aja ndinasoka ndine, lero undisandutse chule pamaso pa makasitomala?"

Duu anaona kuti akakhalanso duu, azakhali akhulupirira kuti wawanyoza dala. Anayang'ana pansi, pa tizidutswa ta nsalu tofiira ndi tobiriwira timene kwa iye tinali tofanana tonse.

"Azakhali," anatero, "ine chobiriwira ndi chofiira sindisiyanitsa. Chibadwire."

Azakhali anayang'ana chithunzi chija, kenako mwanayo.

"Ndiye matimati aja?"

"Onse aja, azakhali. Kwa ine anali akupsa."