Masokosi a Wogulitsa Mchere

Mutu wa nkhumbawo unkamwetulira. Tak Gyu-min anaima kumbuyo kwa anzake m'chipinda choyesereramo sewero, chapansi pa nthaka ku Daehangno, dera la maholo a masewero, n'kumauyang'ana. Khungu lake linali lotuwa ngati la munthu wokhalitsa m'madzi, maso otsinzina, mafuta atayamba kuundana m'mphepete mwa mbale. Bwana Myeong, mwini kampani, anatuma munthu kumsika kuti akasankhe mutu wosekerera kuposa yonse, poti nkhumba yokwiya sibweretsa mwayi. Pambali pake panali mikate ya mpunga, nsomba youma yokulungidwa ndi ulusi woyera, ndi mowa wa mpunga m'mbale.

Mwambo wopempha mwayi kwa mizimu umenewu umachitika sewero likamayamba, osati lili pakati. Koma Bwana Myeong anati mizimu siyang'ana kalendala. Seok Ha-rang anali m'gulu la opikisana pa mphoto ya mwamuna wosewera bwino koposa m'masewero a nyimbo, ndipo sabata imeneyo oweruza ankazungulira m'maholo kuonera komaliza asanaponye mavoti.

Ha-rang anagwada, nagunditsa chipumi pansi, kenako anapinda ndalama yapepala n'kuisomeka m'mphuno ya nkhumba. Atadzuka anatembenukira mtsikana wa kamera.

"Mwajambula? Tsitsi linali kumaso. Ndibwereze?"

Anabwereza. Nkhumba inalandira ndalama ina m'mphuno yachiwiri.

Gyu-min ndi Ha-rang ankasinthana gawo limodzi, la wogulitsa mchere amene mkazi wake amamwalira sewero likamatha. Ha-rang, yemwe adatchuka kale ndi kuimba ndi kuvina pa wailesi yakanema, ankasewera Lachisanu mpaka Lamlungu, ndipo matikiti ake ankatha munthu asanameze malovu. Gyu-min anapatsidwa Lachiwiri ndi Lachitatu masana, nthawi ya amayi opuma ntchito ndi ana asukulu obwera mokakamizidwa.

Atayamba kudya, Bwana Myeong anakweza mawu, khutu la nkhumba lili kukamwa.

"Mlosi wathu ali kuti? Gyu-min, bwera pafupi iwe. Ukubisalira chiyani ngati mkwatibwi?"

Dzina la ulosi analipeza chifukwa chaka chilichonse ankatchuliratu opambana, ndipo kawirikawiri zinkachitikadi. Analibe mankhwala alionse. Munthu amene satanganidwa Loweruka amakhala ndi nthawi yoonera masewero a anzake, basi. Anakhala pansi, nalandira mbale ya mowa ndi manja awiri, natembenuzira nkhope kumbali pomwa.

"Tiuze," anatero bwanayo, akuloza Ha-rang. "Mwana wangayu atenga kapena satenga? Usandipake mafuta."

"Oopsa ndi amodzi okha, bwana. A Pyeon, a kuholo ya kutsidya kwa mtsinje. Mawu awo ndi ng'oma, komanso akhala akuiphonya mphotoyi kangapo. Oweruza akuchita nawo manyazi."

"Nkhalamba ija? Imapuma ngati basi yakale pachitunda!"

"Imapuma pamalo oyenera, bwana."

Do Eun-sil, amene ankasewera mkazi wa wogulitsa mchere masiku onse, anatsamwa ndi mowa pofuna kubisa kuseka. Ha-rang anasekanso, mano ake oyera ngati a m'chithunzi.

"Nanga ine, achimwene? Nenani poyera, sindilira."

"Nyimbo ya pamlatho imakuthera mpweya. Oweruza ali ndi makutu."

"Ndiye walephera?" anafunsa bwana.

Gyu-min anayang'ana m'mbale yake. "Ayi. Mawu ndi a Pyeon. Koma anthu akamatuluka m'holo sakamba za mawu. Amakamba za masokosi. Pamenepo mwayi wagawika pakati."

Za masokosizo zinali chonchi. Mayi ake a Gyu-min ankatola nkhono m'matope a kunyanja ku Beolgyo, ndipo mapazi awo ankazizira chilimwe ndi dzinja. Tsiku limene anamwalira m'chipatala, anamwino atawafunditsa nsalu, mapaziwo anatsalira kunja. Bambo ake, munthu amene sanagwirepo dzanja la mkazi wake pagulu, anakhala pansi, anavula nsapato, anavula masokosi awo obooka pachidendene, n'kuwaveka mkazi wawo. Kenako anatuluka, mapazi opanda kanthu m'nsapato.

Tsiku lina poyeserera, Eun-sil atagona ngati wakufa, Gyu-min anangopezeka wachita zomwezo. Sizinali m'mawu a sewero. Pambuyo pake Ha-rang anamugulira mowa n'kumufunsa kumene anazitenga, ndipo iye, mowa utamasula lilime, anamuuza zonse. Sabata yotsatira Ha-rang naye anavula masokosi. Gyu-min sanadandaule, poti osinthana gawo amabwerekana, ndi mmene ntchitoyi imayendera. Chomwe chinamupweteka chinali nyuzipepala. Ha-rang anauza mtolankhani, akupukuta misozi, kuti anaziona kwa agogo ake aamuna pamaliro a agogo aakazi. Agogo onse awiriwo anali moyo, akusewera gofu ku Jeju.

Bwana Myeong anapukuta zala pa thalauzi, nasendera pafupi. Mpweya wake unali wa adyo ndi mafuta a nkhumba.

"Ndimadziwa kuti uli ndi mutu. Wanena chimene chikundisowetsa tulo. Oweruza awiri asowa mipando ya Loweruka, ndiye akubwera Lachitatu kudzaona zovala ndi nyali, Lamlungu n'kudzaona Ha-rang. Akakuona iwe ukuvula masokosi, nayenso n'kuvula masokosi, aziti chiyani?"

"Aziti tonse tili ndi mapazi, bwana," anatero Eun-sil.

"Khala chete iwe, wakufa salankhula. Aziti ndi wotsogolera sewero anawauza onse awiri. Ndiye nkhani ya agogo ija yafera pompo." Anagwira bondo la Gyu-min. "Atambala awiri salira m'khola limodzi. Lachitatu ungomufunditsa nsalu, uimbe, basi. Ndiye undiuzenso, mlosi. Ukasiya, mwayi ukhala bwanji?"

Onse anasiya kutafuna. Choipa chinali chakuti Gyu-min yankho ankalidziwa, ndipo pa nkhani ya ulosi sananamepo.

"Ndikasiya, atenga."

"Mwamva! Mlosi wanena!" Bwana anawomba m'manja. "Akatenga, sewero libwereranso chaka chamawa, m'holo yaikulu. Ndipo iwe ndikupatsa Lachisanu. Lachisanu, Gyu-min! Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Uli ndi mwana wa sekondale, eti?"

Ha-rang anakwawa ndi maondo kudzamuthirira mowa, dzanja lamanzere litagwira chigongono mwaulemu wonse.

"Achimwene, musaganize kuti sindikudziwa. Ndikaitanidwa kutsogolo kuja, dzina lanu ndilitchula. Pambuyo pa bwana ndi ondikonda, inu ndinu wachitatu."

"Pambuyo pa agogo ako," anatero Gyu-min.

"Eya, wachinayi." Ha-rang anaseka, ndipo anaseka ndi mtima wonse. Zimenezi n'zimene zinamunyansa kwambiri Gyu-min. Mnyamatayu sanali woipa mtima. Anali ngati mwana wotola chidole m'nyumba ya eni, amene akangochigwira amakhulupirira kuti anabadwa nacho.

Gyu-min anamwa. Sananene kuti inde, koma anamwa, ndipo aliyense m'chipindamo ankadziwa tanthauzo la kumwa mowa wa bwana.

Lachitatu linafika msanga. Pakhomo la holo, okonda Ha-rang anali atasanja matumba a mpunga okhala ndi maliboni ofunira mafuno abwino, ngakhale silinali tsiku lake. Patebulo logulitsira zikumbutso panali katundu watsopano: masokosi oyera m'mapepala onyezimira, aliwonse ali ndi kankhope ka Ha-rang pakakolo. Kampani inaboola dala kabowo pachidendene, kozungulira bwinobwino, kosokedwa m'mbali kuti kasakule. Atsikana awiri ankaseka akulowetsa chala pakabowoko n'kumajambulana.

Gyu-min anawapitirira.

M'chipinda chovalira anavala malaya a wogulitsa mchere, namanga lamba wansalu. Masokosi a sewero anali pampando, otuwa, operepeseka, amene iye mwini anawakhula pamwala kuti akalambe. Ankadzidziwa. Akawavala, nyimbo ikafika paja, manja adzapita okha. Choncho anawapinda, nawaponya m'kabati, n'kulowetsa mapazi opanda kanthu m'nsapato zaudzu. Munthu sangavule chimene sanavale.

Eun-sil anasuzumira pakhomo, nkhope itapakidwa kale zotuwa za wodwala. Anayang'ana pansi.

"Ha! Mwamuna wanga wa Lachitatu, wagulitsadi?"

"Usayambe."

"Sindikuyamba. Wa Loweruka uja akamandiveka amayang'ana kumene kuli nyali, n'kundikanda ndi zikhadabo. Masokosi ake amanunkhira sopo wamtengo wapatali. Wogulitsa mchere wanji wonunkhira duwa? Ako okha ndi amene amanunkha munthu."

"Ndili ndi mwana wa sekondale, Eun-sil."

"Ndipo mwanayo ali ndi bambo," anatero, n'kuchoka.

Holo sinadzaze. Oweruza awiri aja anakhala pakati, ndipo Bwana Myeong anakhala kumbuyo kwawo, manja atapinda pamimba. Gyu-min anaimba bwino, ndipo zimenezi zinamukwiyitsa. Nyimbo ya pamlatho inatuluka yonse ndi mpweya umodzi, ngati kuti pakhosi sipakudziwa zimene mwini wake wachita. Ana asukulu anasiya kunong'onezana.

Kenako nyali zinachepa. Eun-sil anagona pamphasa, dzanja linagwa. Gyu-min anatenga nsalu, namufunditsa kuyambira kumutu. Nsaluyo inali yaifupi monga mwa masiku onse, chifukwa anaifupikitsa dala, ndipo palibe amene anakumbukira kuisintha. Mapazi anatsalira kunja.

Apa oimba anachita zimene anazolowera. Anasiya zoimbira zonse, kupatula chitoliro chimodzi, kupereka mpata wa masokosi. Mpatawo unatseguka pamaso pake ngati dzenje. Anaima, manja ali lendee. Ankangofunika kudikira kuti chitoliro chithe, kenako aimbe nyimbo yomaliza, Lachisanu likhale lake.

Pansi pa nsalu panatuluka kamawu kochepa, kosafika ngakhale kumzere woyamba.

"Gyu-min. Sindikuseka. Akuzizira."

Anayang'ana. Pansi pa siteji pankadutsa mphepo ya makina oziziritsa, ndipo zala za mapazi a Eun-sil zinali zitachita bii. Sanaganize za oweruza. Sanaganizenso za bambo ake. Anagwada, manja anapita kunsapato zake, napeza khungu lokha. Anakhala choncho kamphindi, wogulitsa mchere wosauka mpaka kusowa sokosi loveka mkazi wake, ndipo penapake m'holomo mayi wina anafuula motsitsa ngati wabayidwa.

Anamasula lamba. Anatsegula malaya, nanyamula mapazi onse awiri, n'kuwalowetsa pamimba pake, pakhungu penipeni. Anazizira ngati miyala ya mumtsinje. Anatseka malayawo, nawakumbatira, n'kuwerama pamwamba pake. Chitoliro chinatha. Iye sanayambe kuimba, ndipo wotsogolera oimba anasiya ndodo yake m'mwamba, osaitsitsa. Anamva mapaziwo akuyamba kufunda pang'onopang'ono, ngakhale anali a munthu wakufa.

Atadzutsa mutu kuti atenge mpweya wa nyimbo, anaona woweruza wina wavula magalasi. Bwana Myeong anali atatsegula pakamwa, osadziwa ngati amunamiza kapena amumvera, poti sokosi silinaoneke.

Kenako maso ake anapita kumbali, kuseri kwa nsalu zakuda kumene oonera saona. Ha-rang anali pomwepo, atavala chipewa ndi chophimba kukamwa. Sanabwere kudzaseka, sanabwerenso kudzakwiya. Misozi inali mbwee m'masaya mwake, misozi yeniyeni. Ndipo manja ake, mwakachetechete, anali atayamba kale kutsanzira. Lamanja linkamasula lamba amene panalibe, lamanzere linkanyamula mapazi a mumphepo, kuyesa kutalika kwake, kubwereza, kuyesanso.

Gyu-min anakumbatira mapaziwo mwamphamvu, natsegula pakamwa kuti aimbe.