Phazi la Alamu

Alamu anga anafika kugalaja kwanga Lachiwiri m'mawa akukoka mwendo wakumanja. Galimoto yawo yofiira ya mipando iwiri anaiimika pakhomo penipeni, moti makasitomala ena analibe polowera.

"Sipanala, tabwera kuno," anatero. Dzina limeneli anandipatsa ndi iwowo pamene ankafunsira achemwali anga, ndipo linandikanirira mpaka lero.

Alamu anachita mpikisano wa galimoto zaka zambiri, anzawo ankawatchula kuti Kamvuluvulu. Zaka zinayi zapitazo anagwa pamakwerero akukonza denga, kakolo wakumanja n'kuphwanyika. Madokotala analumikiza mafupawo ndi zitsulo, ndipo kuyambira pamenepo phazilo silipotokanso. Kuyenda amayenda, m'tauni amayendetsa bwinobwino. Koma mpikisano ndi nkhani ina.

Ukamafika pokhota uli paliwiro, pamafunika mapazi atatu pamene unabadwa ndi awiri. Lakumanzere limaponda kilachi kuti utsitse giya. Lakumanja limagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: zala zili pa buleki, chidendene n'kupotokera kumbali kukagunda pang'ono chopondera moto, kuti injini ikweze mawu giya yaing'onoyo isanalowe. Ukapanda kutero matayala akumbuyo amagwira mwadzidzidzi, galimoto n'kuyamba kuvina.

"Undikulitsire chopondera moto," anatero alamu. "Chifike pafupi ndi buleki, ndizingochigunda ndi m'mbali mwa nsapato. Mpikisano uliko kumapeto kwa mwezi."

"Achemwali akudziwa?"

"Ndabwera kwa makaniko ine, osati kwa mlangizi wa mabanja."

Ndinakanda m'mutu. Achemwali ndi amene anandilera mayi atamwalira, ndipo sindinawabisirepo kanthu. Tsiku limene alamu ankatuluka m'chipatala ndinalipo, ndinamva ndekha achemwali akunena kuti za mpikisano zathera pomwepo. Komabe ndinayang'ana alamu, munthu amene zaka zinayi ankangotsuka galimoto yosayenda n'kuifunditsanso, ndipo ndinapita kukatenga tochi.

Anakhala pampando, ine n'kugona chagada mutu uli pansi pa chiwongolero, tochi ili kukamwa.

"Pondani buleki."

Anaponda. Ndinayeza pamene buleki yaima, n'kulemba ndi choko. Ndinadula kachitsulo kopepuka kukula ngati chikhatho, kokhala ndi khutu lolozera kwa buleki. Ndinakaboola, n'kukasalaza m'mbali ndi tupa kuti kasakole nsapato, kenako ndinakamanga pachopondera moto ndi mabawuti atatu, kofanana msinkhu ndi buleki yopondedwa. Pakati pake ndinasiya mpata wa zala ziwiri. Kapeti ndinachotseratu. Ndinaponda n'kusiya, kuponda n'kusiya, mwina kokwana zana, kuti ndione ngati chopondera chikubwerera chokha. Chinkabwerera.

Loweruka m'mawa tinapita kubwalo la ndege lakale kumene anthu a mpikisano amayeserera. Pali msewu wautali wowongoka, kumapeto kwake malo okhota kwambiri, ndipo kuseri kwake anaunjikako matayala akale. Tinagwirizana kuti ine ndikhala pambali pawo kuti ndiziona phazi. Ndinali nditangovala helemeti pamene kagalimoto ka achemwali kanatulukira pageti.

Anatsika osathamanga, chikwama chili m'khwapa. Kusathamangako ndi kumene kunandiopsa.

"Mayi, mwabwera bwanji kuno?" anafunsa alamu, mawu atachepa.

"Helemeti ikachoka pamwamba pa wadiropu imasiya malo opanda fumbi, bambo." Anasuzumira m'galimoto, naona kachitsulo konyezimira kaja. Kenako anatembenukira kwa ine. "Ntchito yako iyi?"

"Eya, achemwali."

"Vula chipewacho undipatse."

"Achemwali, ndimati ndiyambe ndaona kaye ngati..."

"Ngati chiyani? Wapatsa mwamuna wanga chinthu chimene iwe mwini sukuchikhulupirira? Ngati n'chabwino kwa iwo, n'chabwinonso kwa ine. Bweretsa."

Alamu anayesa kulankhula, koma achemwali anali atakhala kale pampando akumanga lamba. Chikwama anandiponyera ine. Ndinatenga kansalu kofiira m'bokosi la zida, n'kuyenda wapansi kukaima pafupi ndi matayala aja, chikwama cha achemwali chili paphewa.

Ulendo woyamba anadutsa pang'onopang'ono ngati opita kumsika. Wachiwiri anawonjezera. Makaniko amaona ndi makutu, ndipo zimene ndinamva zinandisangalatsa: mphuno ya galimoto inawerama, injini n'kuti *vuu*, giya yachitatu, *vuu*, yachiwiri, galimoto n'kukhota mosalala ngati yajambulidwa. Ndinadzimva ndikuseka ndekha.

Ulendo wachitatu anabwera mwamphamvu. Anaponda buleki mochedwa, ndipo apa khutu langa linagwira kanthu. Pakati pa *vuu* woyamba ndi wachiwiri injini imayenera kutsika mawu. Sinatsike. Inapitiriza kung'ung'udza chapansipansi. Anakhota bwino ndithu n'kupita, kundisiyira fungo la mabuleki otentha.

Ndinaima chilili, kenako ndinakumbukira. Lachiwiri lija ndinayeza injini ili yozima. Injini ikazima buleki imalimba, imaima pamwamba. Ikamalira buleki imalowa pansi, ndipo ikatentha imalowanso kuposa apo. Ndiye kuti alamu akaponda ndi mphamvu zonse, buleki itsika kupitirira kachitsulo kanga, nsapato n'kuponda zonse ziwiri pamodzi. Wa phazi labwino akhoza kulipendeketsa. Iwo sangathe.

Galimoto inali kale kutsidya, ikulowa mumsewu wowongoka uja.

Ndinathamangira m'mphepete mwa phula ndikukupiza kansalu. Ndinakuwa, koma ndani angamve munthu mkati mwa phokoso lotero? Dzuwa linali kumbuyo kwanga, m'maso mwawo. Ndinamva giya yachitatu, kenako yachinayi. Ndinavula chikwama n'kuyamba kuchizunguza m'mwamba, zinthu za achemwali zikumwazikira pansi.

Anandidutsa ngati mphepo. Mphuno inawerama. Injini m'malo motsika inakwera.

Matayala akutsogolo anafuka utsi, akumbuyo akukankhabe. Galimoto inkalimbana yokha, ikuloza mulu wa matayala, osakhota. Kenako injini inalira mokuwa ngati yamasuka, ndipo ndinadziwa kuti alamu aponda kilachi mpaka pansi. Kumbuyo kunatembenuka, galimoto n'kuzungulira kamodzi ndi theka, kenako *phuu!* Matayala akale anauluka. Limodzi linagubuduka kundidutsa, n'kukagwa patali muudzu.

Zii.

Sindikumbuka kuti ndinafika bwanji. Ndinatsegula chitseko cha achemwali.

"Achemwali! Mwavulala?"

"Usandigwire," anatero. Anamasula lamba okha, natuluka, n'kukhala pansi paphula pomwepo.

Alamu anali chigwirire chiwongolero. Sanavulale, koma nkhope inali itatuwa. Ankayang'ana phazi lawo.

"Ndinalilamula kuti lichoke," anatero motsitsa. "Silinamve."

"Si phazi lanu, alamu. Ndine. Ndinayeza injini ili yozima."

"Chotsa chinthu chakocho, Sipanala. Chotsa pompano. Ndikanapha mayi wa ana anga chifukwa cha masewera. Ndasiya."

Ndinatenga zida, n'kugwada pakhomo la galimoto. Bawuti yoyamba inali itamasuka pamene achemwali analankhula ali chikhalire pansi, helemeti ili pamiyendo.

"Iwe, ukachimanganso, chitsike bwanji?"

Ndinatembenuka. "Achemwali?"

"Ndafunsa. Ine njira yonse maso anali paphazi, msewu ndimauopa. Maulendo awiri aja nsapato imagunda bwinobwino. Wachitatu inayamba kukhudza yokha. Chitsike bwanji?"

"Chala chimodzi ndi theka. Ndi kupinda khutulo pang'ono kuti liyang'ane pansi. Koma ndiyenera kuyeza injini ikulira, mabuleki atatentha."

"Ndiye bwanji sunatero poyamba, chitsiru iwe?"

Ndinaika sipanala pabawuti yachiwiri.

"Mayi, ndanena kuti ndasiya," anatero alamu.

"Mwanena ndi mantha. Mukanene kunyumba mutamwa madzi, ndidzamva." Achemwali anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ulendo wachiwiri uja munaimba, bambo. Mukudziwa? M'kati mwa chipewa, mumaimba. Zaka zinayi m'nyumba mwanga muli munthu wongoti inde, ayi, zikomo. Sindikuti ndakondwa. Mtima wanga ukadali m'kamwa. Koma kusiya musasiyire ine, ndi kubisa musandibisirenso, nonse awiri."

Ndinapita kukatola zinthu zawo zimene ndinamwaza: makiyi, magalasi, kabotolo ka mafuta odzola kataphwanyika.

Galimoto tinaikoka ndi chingwe mpaka kugalaja. Bampala yakumbuyo inali itapindika ndipo nyale imodzi inasweka. Alamu sanabwere sabata yonse, ndipo mpikisano wa mwezi umenewo unawadutsa. Lolemba linalo anatulukira ndi achemwali. Ndinayeza katatu, injini ikulira, titazungulira kaye mpaka mabuleki kununkha, achemwali ataima pambali ndi tochi ngakhale kunali masana. Kubwalo ndinakwera ndine pambali pa alamu, maulendo khumi ndi awiri, ndisanalole kuti ayende okha.

Analowa mpikisano wotsatira, patapita miyezi iwiri. Pa galimoto khumi ndi imodzi anamaliza pa nambala seveni. Achemwali sanaonere. Anakhala m'kagalimoto kawo kunja kwa geti mawindo atatseka, ndipo nditapita kukawauza kuti zatha bwino anangogwedeza mutu, n'kundifunsa ngati ndadya.